Ng'ala ya mayi anu isadikire makina a ku Johannesburg

Funso: Mayi anga ali ndi zaka 74 ndipo ali ndi ng'ala m'maso onse awiri. Diso lakumanja layera mbee moti amangozindikira kuwala kokha, pamene lakumanzere likuonabe mwachimbuuzi. Kuchipatala atiuza kuti awachita opaleshoni yocheka diso ndi kuikamo lenzi, koma mchimwene wanga amene ali ku Johannesburg akuti tisavomere, chifukwa kumeneko ng'ala amaisungunula ndi makina a laser popanda kucheka. Kodi makinawa amagwira ntchito motani, nanga tidikire mpaka titapeza ndalama zowatumizira kumeneko?

Yankho: Bambo, musadikire. Ngati madokotala a maso awayeza mayi anu ndi kupeza kuti diso lakumanjalo lingathe kuchitidwa opaleshoni, vomerani kuti ichitike kuno, ndipo ichitike msanga. Komabe mchimwene wanu sakulankhula zopanda mutu, pakuti makina amene akunenawo alikodi, ndi abwino, ndipo ndiwo amagwiritsidwa ntchito pa opaleshoni zambiri za ng'ala ku Ulaya, ku America ndi m'zipatala zolipira za ku South Africa. Pali zinthu ziwiri zimene anazimva mosiyana ndi mmene zilili. Makinawo sagwiritsa ntchito laser koma ultrasound, ndiko kuti kunjenjemera kothamanga kwambiri koti khutu silingakumve, kwa mtundu womwewo umene makina a sikani amaonera mwana m'mimba mwa mayi woyembekezera. Ndiponso diso limachekedwa ndithu, kungoti bala lake limakhala laling'ono. Njirayi dzina lake ndi phacoemulsification, ndipo m'chipatala timangoti phaco.

Kuti mumvetse chimene makinawa amachita, m'pofunika kudziwa kaye kumene ng'ala imakhala, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti ndi kanthu kamene kamamera pamwamba pa diso, koti munthu angakapale kapena kukatsuka ndi mankhwala. Ng'ala ili m'kati mwa diso. Kuseri kwa mwanadiso kuli lenzi imene tonse timabadwa nayo, yotambalala mamilimita 9 kapena 10, ndipo imakhala m'kathumba kopyapyala kwambiri kamene kamagwiridwa m'malo mwake ndi tiulusi tambirimbiri. Ntchito ya lenziyi ndi kusonkhanitsa kuwala kuti kukafike bwino pa retina, nembanemba ya kumbuyo kwa diso imene imatumiza ku ubongo zimene munthu waona. Munthu akamakalamba, mapuloteni a m'lenzimo amaundana, lenzi imasiya kudutsitsa kuwala, ndipo imasanduka yachikasu, yofiirira kapena yoyera. Matenda a shuga, kusuta fodya, kuvulala kwa diso ndi kugwiritsa ntchito mankhwala a steroid kwa nthawi yaitali zimafulumizitsa kusinthaku. Palibe mankhwala odontheza, a kuchipatala kapena azitsamba, amene angabwezeretse lenzi yotere, ndipo madzi a masamba amene ena amafinyira m'maso amangoononga kutsogolo kwa diso kumene opaleshoni ikudalira kuti kukhale koyera.

Chimene chinavutitsa madokotala kwa zaka zambiri ndi kukula kwa lenziyo. Pofuna kuitulutsa yathunthu, ankacheka bala lotalika mamilimita 10 mpaka 12 m'mphepete mwa cornea, kagalasi koonekera ka kutsogolo kwa diso, kenako n'kusoka ndi ulusi. Bala lalikulu chotero linkatenga masabata ambiri kuti lipole, ndipo ulusi unkakoka cornea n'kuipotoza, moti munthu ankaona zinthu zosalongosoka ngakhale ng'ala itachoka. Asanayambe kuika lenzi yapulasitiki, wodwala ankatsala wopanda lenzi m'diso ndipo ankavala magalasi ochindikala kwambiri moyo wake wonse. Amene anayamba kuika lenzi yopanga m'diso anali Harold Ridley wa ku St Thomas' Hospital ku London, m'chaka cha 1949, ataona kuti tizidutswa ta pulasitiki timene tinalowa m'maso mwa oyendetsa ndege zankhondo ovulala tinkakhala m'menemo popanda kutupitsa diso.

Maganizo ophwanyira ng'ala m'diso momwemo kuti ituluke pa kabala kakang'ono anachokera kwa Charles Kelman, dokotala wa maso wa ku New York. Iye anayesa zipangizo zosiyanasiyana zoboolera ndi zoperera, koma zonse zinkazunguza lenzi ndi kuononga diso, mpaka pamene anapita kwa dokotala wa mano n'kuona kachipangizo konjenjemera kamene amachotsera zokakamira m'mano. Anazindikira kuti chinthu chonjenjemera mofulumira kwambiri chingathe kudya lenzi popanda kuikankha, ndipo mothandizana ndi akatswiri a kampani ya Cavitron anapanga makina oyamba n'kulengeza njirayi m'chaka cha 1967. Madokotala anzake ambiri anaikana, ndipo anali ndi zifukwa zomveka, pakuti makina oyambawo ankavulaza cornea, komanso lenzi yapulasitiki ya nthawi imeneyo inali yolimba, moti ukatha kutulutsa ng'ala pa kabala kakang'ono unkayeneranso kukulitsa balalo kuti lenzi ilowe. Phaco inayamba kufala m'zaka za m'ma 1980, Thomas Mazzocco atapanga lenzi yofewa yotha kupindika, ndiponso Howard Gimbel wa ku Canada ndi Thomas Neuhann wa ku Germany atasonyeza njira yong'ambira kathumba ka lenzi mozungulira bwino kuti kasapitirire kung'ambika. Pofika m'zaka za m'ma 1990 inali njira yodalirika m'maiko olemera.

Makina a phaco ali ndi chogwirira chimene dokotala amachigwira ndi zala zitatu, ndipo kumapeto kwake kuli singano yabowo yopangidwa ndi chitsulo cha titanium. M'kati mwa chogwiriracho muli timiyala tapadera timene timafupika ndi kutalika magetsi akamadutsamo, ndipo kufupika ndi kutalikako ndiko kumanjenjemeretsa singano pafupifupi maulendo 40,000 pa sekondi imodzi. Khutu la munthu limalekezera pa maulendo 20,000, n'chifukwa chake kaphokoso kamene wodwala amamva pa nthawi ya opaleshoni si ka singano ayi, koma ndi chizindikiro chimene makina amapereka kwa dokotala. Nsonga ya singanoyo imapita kutsogolo ndi kubwerera pamtunda wochepetsetsa, mwina gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, koma pa liwiro limenelo imagogoda ng'ala n'kuinyenyanyenya, komanso imapanga tithovu m'madzi timene tikaphulika timathandiza kuiphwanya. Singanoyo imavekedwa kamkono ka labala kamene kamathira madzi amchere m'diso mosalekeza kuti diso lisaphwe ndiponso singano isatenthe, pamene bowo la pakati limayamwa zonyenyekazo. Zonsezi dokotala amaziongolera ndi phazi. Akaponda pang'ono chopondera, madzi amayamba kulowa. Akapondanso, pampu imayamba kuyamwa. Akafikitsa pansi, ultrasound imayamba kugwira ntchito. Phazi linalo limakhala likuongolera maikulosikopu, ndipo manja onse awiri ali m'diso.

Wodwala sagonekedwa tulo. Diso limachititsidwa dzanzi ndi mankhwala odontheza kapena jakisoni wa m'mbali mwa diso, mwanadiso amakulitsidwa ndi mankhwala, ndipo dokotala amacheka kabala ka mamilimita 2 mpaka 3 m'mphepete mwa cornea, ndi kenanso kochepa kolowetsera kachipangizo kothandizira. Amathira mankhwala onanda oonekera kuti ateteze m'kati mwa cornea, kenako amang'amba kutsogolo kwa kathumba ka lenzi mozungulira, bowo lotambalala mamilimita 5 kapena kuposerapo pang'ono. Pamenepa ndi pamene luso la dokotala limaonekera, pakuti kathumbako ndi kopyapyala kuposa tsitsi, ndipo kung'ambikako kukathawira m'mbali, ntchito yonse yotsatira imakhala pangozi. Akatero amalowetsa madzi pakati pa kathumba ndi lenzi kuti lenzi imasuke n'kumazungulira yokha, ndipo singano ya phaco imakumba ngalande pakati pake, n'kuigawa m'zidutswa zimene zimayamwidwa chimodzichimodzi. Zotsalira zofewa zimatsukidwa, lenzi yatsopano yopindidwa imalowetsedwa pa kabala komweko n'kutambasuka yokha m'kathumbamo, ndipo kawirikawiri sipafunika ulusi chifukwa balalo limachekedwa mopendekera kuti lidzitseka lokha. Zonsezi zimatenga mphindi 15 kapena 20 ngati ng'ala si yovuta.

Mawu oti ngati si yovuta ndiwo akukhudza mayi anu. Ultrasound ndi mphamvu, ndipo mphamvu iliyonse yolowa m'diso ili ndi mtengo wake. Kuseri kwa cornea kuli mzere umodzi wokha wa maselo amene ntchito yawo ndi kupopa madzi kuti cornea isatupe, ndipo maselo amenewa sabadwanso akafa. Munthu wamkulu amakhala nawo pafupifupi 2,500 pa kamalo kotalika milimita imodzi mbali zonse, amachepa ndi ukalamba, ndipo akatsika kufika pa 500 cornea imatupa n'kuchita mbuu mpaka kalekale, moti chotsala ndi kuika cornea ya munthu wina, chithandizo chimene n'chosowa kwambiri kuno kwathu. Singano ikagwira ntchito nthawi yaitali, kutentha, kuthamanga kwa madzi ndi tizidutswa touma tomenya cornea zimapha maselowa. Kutalika kwa nthawiyo kumatengera kuuma kwa ng'ala. Ng'ala yongoyamba kumene ili ngati chinangwa chophika, singano imangodutsamo, koma imene yakhala zaka zambiri ili ngati makaka, ndipo kuti iphwanyike pamafunika mphamvu yochuluka kangapo. Ng'ala youma imadzazanso kathumba konse, n'kusiya singano yonjenjemerayo ili pafupi kwambiri ndi khoma la kumbuyo kwa kathumba, limene likabooka zidutswa za ng'ala zikhoza kugwera kumbuyo kwa diso, kumene zimafuna opaleshoni ina yaikulu ya katswiri wa retina.

Opanga makina ndi madokotala akhala akuchepetsa ngozi imeneyi. Makina atsopano amatulutsa ultrasound modukizadukiza kuti singano izipeza mpata wozizira, ena kuyambira cha m'ma 2006 amagwedeza nsonga ya singano cham'mbali m'malo mongogogoda kutsogolo, ndipo Kunihiro Nagahara wa ku Japan anasonyeza m'chaka cha 1993 kuti ng'ala ingathe kuwazidwa ndi kachitsulo kokhota pamene singano yangoigwira, motero mphamvu yochepa n'kukwanira. Katswiri wozolowera amene ali ndi makina abwino amatha kuchotsa ng'ala youma ndi phaco bwinobwino. Chimene ndikukana ndi maganizo akuti phaco ndiyo njira yabwino pa diso lililonse, pakuti ng'ala ikamauma, ubwino wa phaco umachepa pamene ngozi yake ikukula.

Ng'ala yoyera mbee ili ndi vuto linanso. Nthawi zambiri mbali yake yakunja imakhala itasungunuka n'kukhala madzi oyera amene amafufumitsa kathumba, moti dokotala akangobaya, kathumbako kakhoza kung'ambika kokha mbali ziwiri asanakaongolere. Kathumbako sikaonekanso bwino pamwamba pa chinthu choyera, ndipo pafunika kukapaka utoto wabuluu wotchedwa trypan blue. Pakati pa madzi oyerawo pamakhala phata louma lofiirira. Diso lotere, la munthu wa zaka 74, ndilo limene madokotala ambiri odziwa njira zonse ziwiri amasankha kulichita ndi manja.

Opaleshoni imene akuuzani kuchipatala mosakayika ndi imene timaitcha SICS, kutanthauza kuchotsa ng'ala ndi manja pa bala laling'ono, ndipo si ija yakale ya bala lalikulu ndi ulusi wambiri. Dokotala amacheka pa mbali yoyera ya diso, pansi pa chikope chapamwamba kapena cham'mbali, bala la mamilimita 6 kapena 7, koma salowa molunjika m'diso ayi. Amakumba kanjira kopyapyala m'kati mwa khoma la diso mpaka kukatulukira mu cornea, ndipo phata la ng'ala limatsetserekera panja lathunthu kudzera m'kanjirako. Chifukwa cha mapangidwe akewo, mphamvu ya madzi a m'diso imakanikiza kanjirako n'kukatseka, moti nthawi zambiri sipafunika kusoka. Lenzi yatsopano imaikidwa m'kathumba momwemo monga zimachitikira pa phaco. Kuuma kwa ng'ala sikusintha kwambiri nthawi ya opaleshoniyi, popeza siphwanyidwa. Njirayi inakulitsidwa kwambiri ku Nepal ndi Sanduk Ruit wa ku Tilganga mumzinda wa Kathmandu, ndi ku zipatala za Aravind za ku India zimene anayambitsa Govindappa Venkataswamy ku Madurai m'chaka cha 1976, kumene odwala ambiri amafika ndi ng'ala zokhwima ngati za odwala athu.

Njira ziwirizi zinayerekezedwapo mwachilungamo. Pa kafukufuku wina wa ku Nepal amene zotsatira zake zinasindikizidwa m'chaka cha 2007, odwala 108 anagawidwa mwamaere, ena n'kuchitidwa phaco ndi David Chang, katswiri wodziwika wa ku America, ena n'kuchitidwa SICS ndi Ruit. Patatha miyezi 6, odwala 98 pa 100 alionse m'magulu onse awiri ankaona bwino atapatsidwa magalasi oyenera, SICS inkatenga nthawi yochepa, ndipo tsiku lotsatira opaleshoni cornea inali yotupirapo mwa amene anachitidwa phaco. Ubwino weniweni wa phaco ulipo ndipo sindiubisa: bala laling'ono silipotoza cornea kwambiri, munthu amabwerera ku ntchito msanga, ndipo pa ng'ala yofewa ambiri amaona kutali bwino kwambiri popanda magalasi. Kwa dalaivala kapena mphunzitsi wa zaka 55 amene ng'ala yangoyamba kumusokoneza, ndingasankhe phaco ngati ilipo. Kwa mayi anu, kusiyana kumeneko ndi kochepa kwambiri poyerekeza ndi miyezi imene angakhale osaona podikira ndalama, pasipoti ndi ulendo.

Chimene chimachititsa kuti phaco isafale m'zipatala zathu si kuti madokotala athu sakuidziwa kapena kuifuna. Makinawo ndi okwera mtengo, mapaipi, masingano ndi malenzi opindika zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, magetsi ayenera kukhala osadukiza, ndipo makina akaonongeka pafunika mmisiri wodziwa mtundu umenewo. SICS imafuna maikulosikopu, zipangizo zochepa zimene zimawiritsidwa n'kugwiritsidwanso ntchito, ndi lenzi yolimba yotsika mtengo, monga imene fakitale ya Aurolab ya ku India yakhala ikupanga kuyambira 1992. Chipatala chimene chili ndi mzere wautali wa anthu osaona chimathandiza anthu ambiri chikasankha njira imeneyi, ndipo dokotala amene amaichita sabata iliyonse amakhala ndi dzanja lokhazikika, limene kwa ine ndi lofunika kuposa dzina la makina. Madipatimenti a maso a ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Zomba, ku Mzuzu ndi ku Nkhoma akhala akuchotsa ng'ala kwa zaka zambiri.

Za laser, zoona zake ndi izi. Kuyambira 2008, pamene Zoltan Nagy anaiyesa koyamba ku Budapest, pali laser imene imatha kucheka bala, kung'amba kathumba ndi kugawa ng'ala, koma ikatha ntchito yake dokotala amalowetsabe singano ya phaco kuti ayamwe zidutswazo. Kafukufuku wamkulu wa ku France ndi wa ku Britain, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2020, sanapeze kuti odwala amaona bwino kuposa amene anachitidwa phaco wamba, ngakhale mtengo wake ndi wokwera, ndiponso kuwala kwa laser sikudutsa bwino mu ng'ala yoyera. Pali laser inanso yotchedwa YAG imene imagwiritsidwa ntchito patapita miyezi kapena zaka, ngati khoma la kumbuyo kwa kathumba lachita chimbuuzi. Imeneyo imaboola kawindo m'mphindi zochepa wodwala ali chokhala, ndipo anthu ena akamati ng'ala yawo inachotsedwa ndi laser amakhala akunena imeneyi.

Tsopano pali ultrasound ina imene mchimwene wanu sanaitchule, imene ndikuiona kuti ndiyo yofunika kwambiri kwa mayi anu, ndipo imeneyi ndiyo ndikufuna kuti mukaifunse kuchipatala. Lenzi yopanga ili ndi mphamvu zosiyanasiyana, monga mmene magalasi alili, ndipo ikaikidwa m'diso imakhala momwemo moyo wonse. Kuti dokotala adziwe mphamvu yoyenera, ayenera kuyeza zinthu ziwiri: kupindika kwa cornea ndi kutalika kwa diso kuchokera kutsogolo mpaka pa retina. Kutalikako kumayezedwa ndi kachipangizo kotchedwa A-scan, kamene kamakhudza diso lochititsidwa dzanzi n'kutumiza ultrasound yofooka kwambiri koma yothamanga maulendo pafupifupi 10 miliyoni pa sekondi. Mafundewo amabwerera akagunda kutsogolo kwa lenzi, kumbuyo kwake ndi pa retina, ndipo popeza liwiro lawo m'madzi a m'diso ndi m'lenzi ndi lodziwika, makina amawerengera mtunda kuchokera pa nthawi imene mafundewo atenga. Diso la munthu wamkulu limatalika pafupifupi mamilimita 23 kapena 24, ndipo kuphonya ndi milimita imodzi yokha kumasokoneza mphamvu ya lenzi ndi madayoputa (muyezo wa mphamvu ya lenzi) pafupifupi 2.5 kapena 3, zimene zikutanthauza kuti munthu adzafunika magalasi amphamvu ndithu kuti aone nkhope ya munthu ali kutsidya kwa msewu.

N'chifukwa chake woyeza waluso amasamala kuti asakanikize cornea ndi kachipangizoko, pakuti kukanikiza kumafupikitsa diso n'kupereka nambala yolakwika. Amayeza kangapo mpaka manambala agwirizane, amayezanso diso linalo kuti ayerekeze, ndipo ena amaika kakapu ka madzi pakati pa diso ndi kachipangizo kuti chisakhudze cornea n'komwe. Zipatala zolemera zili ndi makina oyeza ndi kuwala, amene anayamba kupezeka cha m'ma 1999 ndipo ndi olondola kwambiri, koma kuwala kumalephera kudutsa mu ng'ala yoyera kapena youma kwambiri, moti ngakhale ku Johannesburg diso lakumanja la mayi anu likanayezedwa ndi ultrasound yomweyi. Kumene kulibe choyezera, madokotala amakakamizika kuika lenzi ya mphamvu yapakatikati kwa aliyense. Amene diso lake ndi lapakatikati amaona bwino, koma amene diso lake ndi lalitali kapena lalifupi amatuluka akuona mwachimbuuzi ngakhale opaleshoni itayenda bwino. Kunena mosabisa, SICS yochitidwa diso litayezedwa bwino imaposa phaco yochitidwa ndi lenzi yongoganizira. Choncho mukafunse ngati mayi ayezedwa kutalika kwa diso, ndiponso ngati lenzi ya mphamvu imene yapezekayo ilipo m'chipatalamo.

Popeza ng'ala yoyera imatchinga dokotala kuona retina, pali sikani inanso ya B-scan imene imaikidwa pachikope chotseka n'kusonyeza chithunzi cha kumbuyo kwa diso. Imaonetsa ngati retina yamatuka, ngati muli magazi kapena chotupa, ndipo ndi yofunika makamaka ngati diso linavulalapo, ngati mayi ali ndi shuga, kapena ngati diso linasiya kuona mwadzidzidzi. Ngakhale popanda makina, dokotala amawalitsa tochi kuchokera mbali zinayi kuti aone ngati wodwala akulozera kumene kuwala kukuchokera, ndiponso ngati mwanadiso akuchepa akalandira kuwala. Zimenezi zimathandiza banja kudziwa zoyenera kuyembekezera, pakuti ngati retina yaonongeka ndi shuga, kapena mtsempha wa diso wafa ndi matenda a glaucoma, amene kawirikawiri amadza mphamvu ya madzi a m'diso ikakwera, palibe njira yochotsera ng'ala, ya makina kapena ya manja, imene ingabwezeretse kuona konse.

Kudikira nakonso kuli ndi ngozi zake, ndipo izi ndizo zimandidetsa nkhawa kwambiri pa nkhani yanu. Ng'ala yoyera ikhoza kufufuma n'kutseka njira imene madzi a m'diso amatulukira, kapena kudontha mapuloteni amene amatseka njirayo, ndipo mphamvu ya madzi a m'diso imakwera mwadzidzidzi. Diso limafiira, limapweteka koopsa pamodzi ndi mutu, munthu amatha kusanza, ndipo pa masiku ochepa mtsempha wa diso ukhoza kufa osadzachiranso. Zikachitika chotero musawapatse mankhwala a mutu n'kudikira kuti kuche kawiri, apiteni nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Ng'ala yokhalitsa imafooketsanso tiulusi togwira kathumba, zimene zimavutitsa opaleshoni ya mtundu uliwonse. Pambali pa zimenezi, munthu wachikulire wosaona bwino amagwa, amathyoka chiuno, amapsa pamoto, amasiya kupita kumunda ndi kutchalitchi, ndipo kawirikawiri mdzukulu amajomba kusukulu kuti aziwatsogolera. Malangizo akale akuti ng'ala iyambe yakhwima anali a nthawi imene lenzi inkazulidwa yonse ndi kathumba kake, ndipo masiku ano sakugwiranso ntchito.

Pali chinthu chinanso chimene mabanja otumiza wodwala kunja amaiwala, ndicho kuonedwanso pambuyo pa opaleshoni. Diso liyenera kuyezedwa tsiku lotsatira, kenako pakatha sabata imodzi kapena awiri, ndiponso pakatha mwezi kapena masabata 6 pamene magalasi owerengera amayezedwa. Vuto loopsa kwambiri, lomwe ndi tizilombo tolowa m'kati mwa diso, silichitika kawirikawiri, mwina kwa munthu mmodzi mwa 1,000 kapena ochepera pamenepo, koma limabwera m'masiku oyambirira ndipo limafuna chithandizo cha tsiku lomwelo. Kukhala pafupi ndi amene anachita opaleshoniyo ndi chitetezo chachikulu. Tsiku la opaleshoni lisanafike, shuga ndi kuthamanga kwa magazi zikhale zoyezedwa ndi zotsika bwino, manthongo kapena zilonda za m'zikope zichizidwe, ndipo mutengere kuchipatala mankhwala onse amene mayi amamwa kuti dokotala awaone, osawasiyitsa aliwonse mwa inu nokha.

Akatuluka, mankhwala odontheza aperekedwe pa nthawi yake ndi manja osamba ndi sopo, nsonga ya botolo isakhudze diso, ndipo mayi asatikite diso kapena kulipukuta ndi chitenje. Kwa masabata awiri oyambirira apewe utsi wa kukhitchini, kupeta, kusesa pabwalo ndi kusenza zolemera, ndipo posamba madzi asalowe m'diso. Kunyerenyesa pang'ono ndi misozi si zodetsa nkhawa, koma ululu umene ukukulirakulira, kufiira kowonjezeka, mafinya, kapena kuona kumene kunayamba bwino n'kuyamba kuchepa, ndi zifukwa zobwererera kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale tsiku limene anakulemberani lisanakwane.

Diso lakumanzere lidzaganiziridwa lakumanja likapola. Popeza likuonabe, n'kutheka kuti ng'ala yake ndi yofewerapo, ndipo ngati dokotala wayeza n'kupeza kuti cornea ndi tiulusi ta kathumba zili bwino, limenelo lingathe kuchitidwa phaco ngati banja lili ndi ndalama ndipo mwapeza katswiri amene amaichita kawirikawiri. Palibe vuto kuti diso limodzi lichitidwe SICS, linalo phaco, malinga mphamvu za malenzi awiriwo zasankhidwa mogwirizana. Pa chifukwa chimenechi musunge bwino kapepala kapena chomata chosonyeza mphamvu ya lenzi yoyambayo m'buku la kuchipatala la mayi, kuti dokotala wa diso lachiwiri adzachione, kaya ndi wa kuno kapena wa ku Johannesburg.